Ma mounting a giyabokosi pa galimoto yolumikiza pamanja

Pansi pa giyabokosi ya galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo pali kachipangizo kokwana m'manja, kamene amakaniko amangokatchula kuti mounting. Ndi zitsulo ziwiri zomatidwa ku labala wochindikala amene ali pakati pake. Chitsulo chapamwamba amachimanga ndi mabawuti kumchira wa giyabokosi, chapansi amachimanga ku chitsulo chopingasa cha chassis, chija ena amati crossmember. Zitsulo ziwirizi sizikhudzana paliponse. Chilichonse chochoka ku giyabokosi kupita ku thupi la galimoto, kaya ndi kulemera, kaya ndi kugwedezeka, chimayenera kudzera mwa labalayo.

Kachipangizoka kali ndi ntchito ziwiri zosamvana. Kayenera kugwira giyabokosi kuti isachoke pamalo pake, komanso kayenera kuilola kuti izisuntha pang'ono. Ndi zimene nkhata imachita pamutu pa mayi wosenza ndowa yamadzi. Nkhata ikauma ngati thabwa, mutu umapweteka asanafike patali. Ikafewa mopitirira, ndowa imapendekeka ndipo madzi amatayika. Ku fakitale kumene galimoto inapangidwa, akatswiri anawerengera kale kufewa koyenera kwa labala, msinkhu wa pamene giyabokosi ikhale, ndi kupendekeka kwake. Koma injini ndi giyabokosi zikangochotsedwa m'galimoto yake n'kuikidwa m'galimoto ina, mawerengero onse aja amatsalira m'galimoto yakale, ndipo wolumikizayo amayenera kuwapezanso yekha.

Kumaiko a azungu ntchito yotere imadziwika ndi magalimoto otchedwa kit car, amene munthu amagula zidutswazidutswa n'kukalumikiza yekha kunyumba. Yotchuka kwambiri ndi Lotus Seven, imene Colin Chapman anatulutsa ku England mu 1957. Anthu ankaigula yosalumikiza chifukwa msonkho umene unalipo pa galimoto yathunthu sunkakhudza zidutswa. Mu 1973 kampani ya Caterham inagula ufulu wopitiriza kupanga galimotoyi, ndipo ku South Africa kampani ya Birkin, imene inayamba mu 1982 kufupi ndi Durban, inapanga yakeyake yofanana nayo. Mu 1996 Ron Champion analemba buku lophunzitsa munthu kuwotcherera yekha chassis n'kuikamo injini, giyabokosi ndi difu zochokera mu Ford Escort yakale, ndipo magalimoto otere anayamba kutchedwa Locost.

Ku Songani, pa msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, munthu sagula galimoto m'mabokosi kuti akasewere nayo Loweruka. Komabe vuto limene wolumikiza Locost amakumana nalo ndi lomwelo limene makaniko wa pa malo a malonda ngati amenewa amakumana nalo kawirikawiri. Minibasi ya Toyota HiAce injini yake ikatheratu, amaikamo ina yochokera mu galimoto ya mtundu wina. Pikapu yakale ya petulo amaisandutsa ya dizilo poikamo injini ya Toyota ya 2L, 3L kapena 5L pamodzi ndi giyabokosi yake. Land Rover yokalamba imalandira injini imene oipanga sanaiganizirepo. Pa ntchito zonsezi mabowo a giyabokosi yatsopano sagwirizana ndi mabowo a chitsulo chopingasa chakale, ndiye pamafunika kudula, kuboola ndi kuwotcherera. Apa m'pamene galimoto imakhalira bwino kapena kuyamba matenda osatha.

Magalimoto oyambirira ambiri injini ankaimanga molunjika ku chassis, ndipo wokwera ankamva kuphulika kulikonse kwa mafuta m'msana mwake. Labala wolimba wotha kusenza katundu anatheka Charles Goodyear atapeza njira yophika utomoni wa mphira pamodzi ndi sulufule, imene boma la America linamulembera kuti ndi yake mu 1844. Utomoni wa mtundu womwewo ndi umene amakama m'mitengo ya ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay. Mu 1931 kampani ya Chrysler inatulutsa galimoto ya Plymouth imene injini ndi giyabokosi yake zinapachikidwa pa malabala m'njira yoti zizigwedezeka pazokha osakoka thupi lonse. Njirayi anaitcha Floating Power, ndipo kampani ya Citroën ya ku France inagula chilolezo choigwiritsa ntchito. Kuyambira nthawi imeneyo kukhazika injini pa labala kunasanduka chizolowezi cha opanga magalimoto onse.

Injini ndi giyabokosi zimamangidwa pamodzi ndi mabawuti, choncho pa nkhani ya ma mounting zimawerengedwa ngati chinthu chimodzi. Pa galimoto yokoka kumbuyo chinthu chimenechi chimakhala pa malo atatu: awiri m'mbali mwa injini, amodzi kumchira wa giyabokosi. Atatu ndi okwanira, ndipo ndi abwino kuposa anayi. Chassis imapindika pang'ono tayala limodzi likakwera chulu linzake lili m'dzenje. Chinthu chokhala pa malo atatu chimangopendekeka kutsata kupindikako. Chokhala pa malo anayi otalikirana chimakakamizidwa kupindika nawo, pamene chikopa cha giyabokosi zambiri ndi cha aluminiyamu, chitsulo chimene sichichedwa kung'aluka. Kulemera kwambiri kumagwera pa malabala awiri akutsogolo. Wakumbuyo amasenza gawo lochepa, koma ndi iye amene amalamula kumene mchira wa giyabokosi uloze.

Katundu wamkulu wa ma mounting si kulemera kwa zitsulo ayi, koma kupotokola. Injini ikamazunguza propshaft, shafti yopita ku difu, kulowera mbali ina, iyo pamodzi ndi giyabokosi imafuna kuzungulira kulowera mbali inayo, ndipo chimene chimaziletsa ndi malabala basi. Wowerenga amene ali ndi pensulo pafupi atha kutsata chitsanzo ichi. Injini yapakatikati ikatulutsa mphamvu yopotokola ya ma newton metre 150, zili ngati makilogalamu 15 apachikidwa kunsonga kwa sipanala yotalika mita imodzi. Giya yoyamba imachulukitsa mphamvuyi pafupifupi kanayi. Ya giyabokosi ya Ford yotchedwa Type 9, imene olumikiza kit car ambiri ankachotsa mu Ford Sierra, imachulukitsa ka 3.65. Pa kanayi, makilogalamu 15 aja asanduka 60. Ngati malabala awiri akutsogolo atalikirana theka la mita, mmodzi amapsinjidwa ndi makilogalamu 120 owonjezera, mnzake amakokedwa m'mwamba ndi 120 yemweyo. Dalaivala akasiya kilatchi mwadzidzidzi minibasi itadzaza anthu ndi matumba a chimanga padenga, mphamvuyi imadumphanso kwa kanthawi. Pa galimoto yokoka matayala onse anayi, giya ya mphamvu yokwerera mapiri imachulukitsanso kuposa kawiri. N'chifukwa chake pikapu yotsika ndi matabwa kapena nkhuni m'misewu ya m'mapiri a Zomba ndi Malosa imatha malabala msanga kuposa inzake yoyenda pa phula pokha.

Mbali yachiwiri ndi kunjenjemera, ndipo apa m'pamene amisiri ambiri amasocherera, chifukwa nzeru ya m'maso imati chinthu cholimba ndiye chabwino. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa mafuta kawiri pa kuzungulira kumodzi. Galimoto itaima, injini ikulira payokha pa maulendo 750 pa mphindi, ndiye kuti kukuchitika kuphulika 1,500 pa mphindi, kapena kuti 25 pa sekondi. Chinthu chilichonse cholemera chokhala pa labala chili ndi liwiro lakelake limene chimadumphira chikakankhidwa n'kusiyidwa. Labala akakhala wofewa liwirolo limatsika, akakhala wouma limakwera. Lamulo lake ndi lakuti labala amayamba kuchepetsa kunjenjemera pokhapokha kugunda kwa injini kukaposa liwiro lachibadwa lija ndi ka 1.4. Ziwirizi zikayandikana, labala sachepetsa kanthu koma amakulitsa kugwedezekako, mpaka galasi loonera kumbuyo limaoneka mbuu, zitseko n'kumalira.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati labala ali m'dera loyenera, ndiyo kuyeza mmene akufinyikira katundu akamukhala. Labala wofinyika pafupifupi mamilimita atatu amapereka liwiro lachibadwa la maulendo 9 kapena 10 pa sekondi, kutali ndithu ndi 25 uja. Wofinyika milimita imodzi yokha amapereka pafupifupi 16, ndipo apo wayamba kuyandikira malire. Wofinyika mochepera theka la milimita amafika pafupi ndi 25 weniweniyo, pamene galimoto imanjenjemera koposa itaima pa siteji kudikira anthu. Mawerengerowa ndi ongoyerekeza, poti labala amauma pang'ono akamagwedezeka mwachangu, koma amalongosola chifukwa chimene galimoto ina imanthunthumira itaima n'kukhala bata dalaivala akaponda mafuta. Injini ya dizilo imagunda mwamphamvu kuposa ya petulo ndipo imalemera kwambiri, choncho labala wochokera pa galimoto ya petulo kawirikawiri amaphwatalala msanga akamukhazika dizilo.

Labala ali ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa: sachepa akafinyidwa, amangofufumira m'mbali. Akatsekeredwa m'kabokosi kachitsulo kopanda mpata wofufumira, amauma ngati mwala ngakhale ali wofewa. N'chifukwa chake ma mounting a ku fakitale amakhala ndi mabowo kapena mipata imene munthu wosadziwa angaione ngati kulephera kwa opanga, ena mpaka kuitseka ndi zidutswa za tayala. Komanso labala amafewa kwambiri akamakankhidwa cham'mbali kusiyana ndi akamapsinjidwa kuchokera pamwamba. Opanga magalimoto amapezerapo mwayi: malabala akutsogolo amawapendeketsa kuti ayang'anizane, kuti azisenza kulemera mwamphamvu koma azilola injini kugwedezeka mofewa. Mounting yopangidwa kuti ikhale chogona ikaimikidwa, kapena yakumanja ikaikidwa kumanzere, imagwira ntchito m'njira imene sanaikonzere. Kuuma kwa labala kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa Shore A, ndipo malabala a injini ambiri amagwera pakati pa 40 ndi 70.

Mounting yeniyeni ikasowa kapena ikadula mtengo, amisiri amadula chidutswa cha tayala lakale la lole, n'kuchiika pakati pa giyabokosi ndi chitsulo chopingasa, kenaka n'kubaya bawuti imodzi yaitali kuyambira pamwamba mpaka pansi. Njira imeneyi yapulumutsa anthu ambiri pa msewu, ndipo yofikitsa galimoto kunyumba palibe angainyoze. Ngati yokhalitsa ili ndi zilema ziwiri. Tayala lili ndi mawaya ndi ulusi mkati, choncho silifinyika mokwanira. Chachikulu kwambiri ndi bawuti ija. Mutu wake wagwira chitsulo cha giyabokosi, nati wake wagwira chitsulo cha chassis, ndiye kunjenjemera kumangotsata bawutiyo osadzera mwa labala n'komwe. Akaimanga kwambiri labala amasanduka thabwa, akaisiya yomasuka nati amagwa panjira. Wopanga mounting pamanja amene amadziwa ntchito amaika labala mbali zonse ziwiri za chitsulo chopingasa, pamwamba ndi pansi. Bowo amalikulitsa kuti bawuti isakhudze m'mphepete mwake, ndipo amaiveka kapaipi kachitsulo kodulidwa pa muyeso, kuti nati akamangidwa azitsamira pa kapaipiko m'malo mofinya labala mpaka kumapeto.

Choopsa koposa ndi kusakaniza: malabala ofewa kutsogolo, mchira wa giyabokosi utamangidwa chitsulo pa chitsulo. Injini imapendekeka nthawi iliyonse dalaivala akaponda mafuta, pamene mchira wakanidwa kusuntha, ndiye kupotokola konse kumathera m'chikopa cha giyabokosi. Mng'alu umayamba pa makutu a mabawuti kapena pa bell housing, pamene giyabokosi imakumana ndi injini, ndipo ukauwotcherera umabwereranso pambali pake chifukwa gwero silinachoke. Mounting yakumbuyo isaume kuposa zakutsogolo. Oyendetsa magalimoto a mpikisano amakonda polyurethane, imene siopa oyilo ndipo imagwira zolimba, koma imadutsitsa phokoso ndi kunjenjemera kwambiri. Pa galimoto yonyamula anthu tsiku lonse phindu lake ndi lochepa.

Tsopano nkhani ya msinkhu, imene ndi yobisika kuposa zonse. Kuchokera kumchira wa giyabokosi kupita ku difu pali propshaft, ndipo kumapeto ake onse awiri kuli mfundo yopingasa yotchedwa universal joint. Mfundo imeneyi ili ndi chilema chobadwa nacho. Ikamazungulira itapindika, mbali yolandira siyenda pa liwiro limodzi: imathamanga n'kuchedwa, kuthamanga n'kuchedwa, kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndipo kupindika kukakula kusinthasinthako kumakulanso. Mankhwala ake ndi mfundo yachiwiri. Ngati yakumbuyo yapindika mofanana ndi yakutsogolo, ndipo mafoloko a mbali ziwiri za propshaft ali pa mzere umodzi, yachiwiri imafafaniza cholakwa cha yoyamba ndipo difu imalandira liwiro losalala. Kuti zimenezi zitheke, mzere wa shafti yotuluka mu giyabokosi ndi mzere wa shafti yolowa mu difu ziyenera kuyenda mofanana, osayang'anizana mokhota.

Amisiri a propshaft amalangiza kuti kupindika kwa mfundo iliyonse kukhale kochepa, pakati pa digiri imodzi ndi atatu kwa galimoto yothamanga, ndipo mfundo ziwirizo zisasiyane kuposa digiri imodzi. Kuwongoka kotheratu nakonso sikufunika, chifukwa tizitsulo tating'ono ta mkati mwa mfundo tikapanda kugudubuzika girisi safalikira ndipo timadya malo amodzi. Digiri imodzi ndi yochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati kuchokera pa malabala akutsogolo kufika pa wakumbuyo pali masentimita 60, kukweza kapena kutsitsa mchira ndi sentimita imodzi yokha kumasintha kupendekeka ndi pafupifupi digiri imodzi. Ndiye kuti mmisiri wongoyeza ndi maso, amene waphonya ndi kunenepa kwa chala, wadya kale malire onse. Zotsatira zake sizioneka pa galaja. Zimamveka pa msewu, ngati mkokomo wa pansi pa mipando umene umayamba pa liwiro lina, ndipo mwini galimoto amathera ndalama kubalansa matayala ndi kusintha ma universal joint miyezi ingapo iliyonse, osadziwa kuti vuto lili pa msinkhu wa chitsulo chopingasa. Masiku ano foni yamakono ili ndi pulogalamu yoyeza kupendekeka, ndipo ikagonekedwa pa malo osalala a giyabokosi, a propshaft ndi a difu imapereka miyeso itatu yofunikayo. Kuyezaku kumachitika galimoto itaima pa matayala ake pamalo athyathyathya, osati ili pa jeke, ndipo kwa pikapu kapena minibasi ndi bwino kuyezanso itanyamula katundu amene imanyamula masiku onse, chifukwa masipuling'i akaphwa difu imasintha poloza.

Mounting imalamulanso kutsogolo ndi kumbuyo. Ekisero yakumbuyo ikamakwera ndi kutsika, mtunda wa pakati pa giyabokosi ndi difu umasintha, n'chifukwa chake propshaft ili ndi malo oterera, mano olowa ndi kutuluka. Giyabokosi ikakhazikidwa cham'mbuyo kwambiri, malo otererawo amafika kumapeto galimoto ikagwera m'dzenje, ndipo nkhonya yonse imalowa mu giyabokosi. Ikakhala kutsogolo kwambiri, mano ochepa okha ndi amene amagwira. Mpata wa masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, galimoto ili pa matayala ake, ndi umene olumikiza ambiri amasiya.

Chifukwa cha zonsezi, chitsulo chopingasa chimapangidwa pomaliza, osati poyamba. Injini ndi giyabokosi zimalowetsedwa zili pamodzi, n'kuchirikizidwa ndi jeke ndi matabwa. Zimasunthidwa mpaka zitakhala pa mzere wofanana ndi wa chassis, fani italikirane ndi radiyeta, ndodo ya magiya ituluke pamene dzanja la dalaivala lifika, ndipo madigiri aja agwirizane. Kenaka mounting imamangidwa kumchira wa giyabokosi, ndipo chitsulo chopingasa chimapangidwa kuti chipite kukakumana nayo. Pamafunika kuwonjezera mamilimita angapo a msinkhu, poti labala adzafinyika jeke akachotsedwa. Wowotcherera amangodontheza timadontho togwirizira, n'kuchotsa mounting asanamalize, chifukwa moto wa welding umapsereza labala n'kumumatula ku chitsulo chake ngakhale kunja akuoneka bwinobwino.

Chitsulo chopingasacho chimangidwe ku chassis ndi mabawuti, chisawotchereredwe. Kilatchi imatha, ndipo tsiku losintha giyabokosi iyenera kutsika popanda kudula kanthu ndi galainda. Bawuti ikamadutsa mu chassis ya bokosi, mkati mwake muikidwe kapaipi, apo ayi makoma a bokosilo amaphwanyikira mkati nati akamangidwa, ndipo posakhalitsa zonse zimamasuka. Mabawuti akhale a chizindikiro cha 8.8 pamutu, osati omangira zitseko, ndipo manati akhale odzitseka okha. Omangira ku giyabokosi amalowa mu aluminiyamu, amene mano ake amatha mosavuta akakakamizidwa ndi sipanala yowonjezera paipi. Bawuti yaifupi kwambiri imazula manowo, yaitali kwambiri imafika pansi pa bowo isanagwire kanthu. Pomanga komaliza, mabawuti a ma mounting onse atatu amasiyidwa omasuka pang'ono, injini n'kugwedezedwa kuti ikhale pamene ikufuna, kenaka n'kumangidwa. Labala womangidwa atapotoka kale amang'ambika msanga.

Pa mfundo imodzi wolumikiza wa ku England ndi wa m'chigwa cha Domasi amasiyana maganizo. Woyambayo amafuna injini itsike pafupi ndi phula kuti galimoto izikhota bwino. Wachiwiriyo ali ndi mahampu a pa msewu waukulu, ndi misewu ya fumbi yolowa m'midzi imene mvula ya Disembala mpaka Malichi imaikumba n'kusiya msana wokwera pakati. Chitsulo chopingasa chikakhala chotsikitsitsa pa zonse za pansi pa galimoto, ndicho chimayamba kugunda mwala. Chikapindikira m'mwamba ngakhale pang'ono, madigiri aja asokonekera. Choncho chisatsike kuposa chassis ngati n'kotheka, ndipo mitu ya mabawuti ibisike kuti miyala isaidye mpaka sipanala kulephera kugwira.

Adani a labala ndi oyilo, dizilo ndi kutentha. Labala wa mphira akanyowa ndi oyilo kwa nthawi yaitali amafufuma, amafewa ngati phala ndipo amasiyana ndi chitsulo chake. Mounting ya giyabokosi ili pamalo oipa, chifukwa oyilo wodontha kuchokera kumbuyo kwa injini kapena pa oil seal ya kumchira amakankhidwa ndi mphepo mpaka kudzathera pa iyo. Kusintha mounting osatseka podonthapo ndi kugula inanso posachedwa. Paipi ya ekisozi, imene pa galimoto yosinthidwa injini imadutsa paliponse pamene papezeka mpata, ikayandikira kwambiri imaumitsa labala mpaka kuchita ming'alu. Kachidutswa kakang'ono ka lata koikidwa pakati, kosakhudza mbali zonse, kamatchinga kutenthako. Labala sadutsitsanso magetsi, choncho waya wa earth wochokera ku injini kupita ku chassis asaiwalike. Akasowa, magetsi a sitata amafuna njira ina kudzera mu kebulo ya kilatchi kapena ya mafuta n'kuiwotcha.

Magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan, monga Toyota Sienta imene yadzaza pa misewu ngati matakisi, ali ndi dongosolo lina. Injini imagona chopingasa, giyabokosi ndi difu zili m'chikopa chimodzi, ndipo ambiri alibe propshaft. Popeza difu ili momwemo, ma mounting amalandira kupotokola kochulukitsidwa ndi giya komanso ndi difu, kumene kumafuna kugubuduza injini kutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye kuwonjezera pa malabala osenza kulemera kumanja ndi kumanzere, pamakhala ena oletsa kugubuduzikako. Ma mounting ena a magalimoto otere ali ndi timadzi mkati todutsa pa kabowo, ndipo akaphulika amasiya mzere wakuda wonyowa pansi pake. Otere sakonzedwa, amangosinthidwa.

Mounting yakufa imadziwika ndi zizindikiro zake. Pamamveka kugogoda kumodzi kolemera ponyamuka kapena polowetsa rivesi. Ndodo ya magiya imagwedezeka kwambiri, imasuntha dalaivala akaponda ndi kusiya mafuta, ndipo nthawi zina giya imatuluka yokha pa hampu, makamaka pamene ndodoyo yamangidwa ku thupi la galimoto n'kulumikizidwa ku giyabokosi ndi timitengo tachitsulo. Galimoto imanjanja posiya kilatchi, zimene ambiri amathamangira kunamizira kilatchiyo. Paipi ya ekisozi imathyoka malo amodzimodzi, mapaipi a radiyeta amakokeka, ndipo zikafika poipa fani imadya radiyeta.

Kuyeza kwake sikufuna makina. Matayala atsekedwe ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, handibuleki ikokedwe, dalaivala aponde buleki, alowetse giya yoyamba n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono mpaka injini iyambe kulemedwa, kenaka achite chimodzimodzi ndi rivesi. Woyang'ana aime pambali, asaime kutsogolo kapena kumbuyo. Injini yopendekeka pang'ono n'kubwerera ili bwino, yodumpha n'kugunda ili ndi labala woduka. Wa giyabokosi amayezedwa injini itazimitsidwa, polowetsa chitsulo chomasulira matayala pakati pa giyabokosi ndi chitsulo chopingasa n'kunyamula. Mng'alu wobisika umatseguka, ndipo labala womatuka amasiyana ndi chitsulo chake poonekera. Aliyense wolowa pansi pa galimoto asadalire jeke yekha. Pafunika dzenje la pa galaja kapena zochirikiza zolimba zachitsulo, osati njerwa, zimene zimaphwanyika mosachenjeza.

Posintha, giyabokosi imanyamulidwa pang'ono ndi jeke wokhala ndi thabwa pamutu, mongokwanira kuti labala amasuke, chifukwa kukweza kwambiri kumakoka mapaipi ndi kukankhira injini ku khoma la kutsogolo kwa dalaivala. Mmodzi akafa, anzake awiri aja aonedwenso, poti akhala akusenza katundu wa mnzawo. Mounting yakale yogulidwa kwa ophwasula magalimoto ku Limbe kapena ku Ndirande ndi yofunika kuipinda ndi manja kapena pa vayisi ndalama zisanaperekedwe, ndi kuyerekeza msinkhu wake ndi yatsopano, chifukwa labala wokalamba amaphwa osabwereranso. Wolumikiza galimoto pamanja amachita bwino kusankha mounting ya galimoto yofala, monga Hilux kapena HiAce, yolemera mofanana ndi yakeyo, n'kupanga chitsulo chopingasa motsata iyo, kuti ikadzatha ipezeke m'sitolo popanda kuwotchereranso. Ngati ilipo ya mtundu wokhala ndi zitsulo zokolana, zimene zimagwira giyabokosi ngakhale labala ataduka, imeneyo ndi yoyenera kwambiri pa galimoto yonyamula anthu.

Ku Britain galimoto yolumikiza pamanja siiloledwa pa msewu isanayezedwe mwapadera, ndipo kuyambira 2009 muyesowo umatchedwa IVA. Ku Malawi za magalimoto zili m'manja mwa nthambi ya boma ya Road Traffic, imene imasunga kaundula wa nambala ya chassis ndi ya injini ya galimoto iliyonse ndi kupereka chiphaso cha COF. Injini ikasinthidwa, nambala yatsopano iyenera kukalembetsedwa kuti mapepala agwirizane ndi chimene chili m'galimoto. Patatha sabata imodzi kapena ziwiri galimoto yosinthidwayo ikuyenda, mabawuti a ma mounting onse atatu ndi a chitsulo chopingasa amayenera kumangidwanso, ndipo madigiri a propshaft ayezedwenso, chifukwa labala watsopano amatsika pang'ono m'masiku oyamba asanakhazikike pa msinkhu wake.